Nkhono ya a Khuliwa

Amene munakhalako ku Luchenza zaka zapitazi mwina mukuikumbukira galimoto ija ya a Laitoni Khuliwa, yobiriwira ngati tsamba la tiyi, imene ana ankaitcha nkhono chifukwa inkayenda itasenza nyumba yake. Ambiri amangokumbukira mmene ankaisekera. Za ulendo umene inayenda amazidziwa ndi ochepa, ndipo ochepawo akamazinena amatsitsa mawu. Sendererani pafupi, nanenso sindikuwa.

A Khuliwa anayendetsa lole pa esiteti ya tiyi mpaka imvi zinadzaza mutu. Akazi awo, Namwale, kwawo kunali ku Kasungu, kumtunda kwenikweni, m'mudzi wa Chikhutu. Anawatenga ali mtsikana, atalonjeza akuchikazi kuti chaka chamawa abwera kudzamanga nyumba ya pachikamwini monga mwa mwambo. Chaka chamawacho chinali ndi miyendo, chinkangosuntha. Ana anabadwa, anakula, anabalalika. Makolo a Namwale anamwalira, uthenga n'kumafika maliro ataikidwa kale. Kumudziko kunatsala mkulu wawo mmodzi yekha, a Dolika.

Kenako maso a Namwale anayamba kuzima. Za m'mbali n'zimene zinayamba kutha, kunatsala kakuwala kapakati, ngati munthu akusuzumira pakamwa pa botolo. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti mvula ikamadzagwa, kakuwala kameneko kadzakhala katatha. Namwale sanalire. Anangouza amuna awo kuti pali chinthu chimodzi chimene akufuna, kukaona nkhope ya a Dolika maso asanatseke.

Vuto linali basi. Namwale akangomva fungo la m'basi m'mimba munkatembenuka, ankasanza kuchokera pa Luchenza mpaka ku Limbe, ndipo miyendo inkatupa akakhala nthawi yaitali. Ulendo wa ku Kasungu ukanawapha. Apa a Khuliwa anakumbukira azungu oyendayenda amene ankabwera kudzakwera phiri la Mulanje pa magalimoto okhala ndi bedi, mbaula ndi makatani m'kati. Anati chimene mzungu anapanga ndi manja, Mlomwe sangachilephere. Adzayenda pang'onopang'ono, Namwale akatopa adzagona, akamva njala adzaima n'kuphika, ndipo malo onse amene adzadutse adzawaona ndi kakuwala kotsalako.

Anapeza minibasi yakale ku Ndirande, kwa makaniko wina wa pakamwa potsekemera. Inalibe mipando yakumbuyo, ndipo pansi pake panali zitsulo ziwiri zoyalidwa ngati njanji. Makanikoyo anati inkanyamula buledi, zitsulozo n'zokokerapo matileyi. A Khuliwa anamvetsera injini, anagwedeza matayala, anaponda mabuleki, anakhutira. Munthu woti wakalambira pachiwongolero sanafunse n'komwe kuti ndi buledi wanji wofuna njanji zotalika ngati munthu.

Ntchito inayambika pabwalo pawo. Bedi analikhazika pa zitsulo zija, ndipo linakwana bwinobwino ngati anachita kuyeza. Anakhoma kabati ya mbale, anamangirira chigubu cha madzi, anaika sola padenga, Namwale n'kusoka makatani a chitenje mofufuza ndi zala. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsa ngati a Khuliwa athamangitsidwa m'nyumba. Iwo ankangokhoma misomali.

Mapu Namwale sakanatha kuwaona. Ndiye madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, awiriwo ankalowa m'galimotomo n'kukhala pampando wakutsogolo, a Khuliwa n'kumawayendetsa ulendo wonse ndi pakamwa. Ankatchula malo amodziamodzi mokweza: Limbe, Lunzu, Lirangwe, mlatho wa Shire pa Zalewa, Phalula, Chingeni, Kampepuza, Ntcheu, Lizulu, mpaka kumtunda. Ankanena pamene adzagule mbatata, pamene adzathire mafuta, ndi bwalo la tchalitchi limene adzapemphepo malo ogona. Namwale anailoweza njirayo pamtima. A Khuliwa akadumpha dzina, iwo ankawagwira mkono n'kuwauza kuti abwerere, asiya Madisi m'mbuyo. Inali nthawi yokoma imeneyo, ndipo a Khuliwa anali asanawaonepo akazi awo akuseka chotero chiyambire matenda a maso.

M'mawa wina anapeza nthambi yaiwisi itasomekedwa kutsogolo kwa galimoto, monga mmene amachitira pa galimoto yonyamula maliro. Anakalipira ana a pamudzi kuti masewera ena ndi amalodza, anaizula n'kuitaya. Kutacha panali ina. Masamba ake anali a mtengo umene sanauonepo kudera kumeneko.

Zina zinali zazing'ono, zoti munthu sangauze mnzake osasekedwa. Nkhuku za pakhomopo, zimene zinkabisala dzuwa pansi pa chilichonse, sizinkalowa pansi pa galimotoyo. Kapu imene anaitsekera m'kabati ankaipeza pansi, ili ndi madzi otsala pang'ono. M'katimo munkamveka fungo la matabwa ongopala kumene, pamene matabwa a kabati anali akale, ochotsa ku khola. Koma chimene chinawasowetsa mtendere monga dalaivala chinali kakhalidwe ka galimotoyo. Kumbuyo inali itakhala pansi ngati yanyamula matumba a feteleza, pamene munali matiresi ndi mapoto basi. Analowa pansi, anayang'ana masipuling'i, onse anali bwino.

Tsiku lina madzulo, atangotchula Lizulu, kumbuyo kwawo wina anakonza kukhosi. Kunali kutsokomola kwaulemu, kwa munthu wofuna kuti adziwike kuti alipo.

"Chifuwa chimenecho mumwere mankhwala tisananyamuke," anatero Namwale.

A Khuliwa anavomera kuti amwa. Sanacheuke, ndipo Dedza anamutchula ndi mawu otsika.

Sipanapite nthawi, akutuluka m'mawa kukasamba kumaso, anapeza bambo wina ataima pa chitseko chakumbuyo cha galimotoyo. Anavala jekete yabwino koma yomukulira, wopanda nsapato. Anapereka moni mwaulemu, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti wamva zoti adzadutsa pa Kampepuza. A Khuliwa anadabwa, chifukwa za njirayo sanauzepo munthu kunja kwa galimoto. Anamuyankha kuti iyi si minibasi ya matola, malo mulibe.

"Malo tili nawo kale, bambo," anatero munthu uja. "Timangofuna kudziwa njira."

A Khuliwa anawerama kuika beseni pansi. Poweramuka panalibe munthu, ndipo pabwalo pamene Namwale anasesa dzulo lake panali mizere ya tsache yokhayokha. Atayesa kukumbukira nkhope yake, inakana kubwera. Patsiku lina anali mayi wobereka mwana amene sankagwedezeka kumsanako. Iye anafunsa za Madisi. Sanafunse mtengo, sanafunse tsiku lonyamuka, anangothokoza.

Mantha anawagwira a Khuliwa, tisabise. Koma anali munthu wokhulupirira kuti chinthu ukachinyalanyaza chimatopa chokha, ndipo anapitiriza kukonzekera. Anapita pa msika wa Luchenza ndi galimotoyo kukagula makala ndi chingwe. Akutsegula chitseko chakumbuyo, chinalira kulira kwake kwa nthawi zonse, ngati mwana wa mbuzi. Mayi wina wachikulire amene anali chapafupi ndi thumba la chinangwa anatembenuka msangamsanga. A Khuliwa, poona katunduyo, anati awaperekeze. Mayiwo anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti ngakhale atathyoka miyendo yonse sangakwere imeneyo.

Dzina lawo anali a Fanesi, ndipo anabwera kudzaona mwana wawo wokwatiwa kumeneko. Kwawo kunali ku Ndirande. Anati pentiyo ndi yatsopano, koma chitsekocho angachizindikire ngakhale ali m'tulo. Galimotoyo inali ya bungwe lawo la maliro. Anthu a m'tauni ndi obwera, aliyense ali ndi kwawo, ndiye wina akamwalira ankamunyamula pa imeneyo kukamutula kumudzi. A Fanesi ndi amene ankakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi, ndipo ntchito yawo inali kumuuza womwalirayo njira. Pamlatho uliwonse, pamphambano iliyonse ankatchula dzina la malowo mokweza kuti asasochere. Akafika, asanatsitse bokosi, ankati, mwafika kwanu, tsikani.

"Koma si nthawi zonse tinkanena," anatero a Fanesi, akuyang'ana pansi. "Pena mvula, pena achibale ayamba ndewu bokosi lisanatsike, pena ine sindinapite ndipo amene anapita anachita manyazi. Thupi linkatsika, mwini wake n'kubwerera nafe."

A Khuliwa anawafotokozera zimene akhala akuchita madzulo aliwonse. A Fanesi anagwira pakamwa. Anati ndiye kuti awadzutsa onse, ndipo aliyense akudikira kumva dzina la kwawo. Kuwathamangitsa sikungatheke, koma si anthu oipa, ndi anthu otopa. Akadzanyamuka adzatchule malo onse osadumpha, ndipo adzawauze kuti wa kwawo kuno atsike.

"Chimodzi chokha, bambo," anapitiriza, atawagwira malaya. "Mawu aja musadzamuuze munthu wamoyo ali m'katimo. Galimoto imeneyi sisiyanitsa. Dalaivala wathu anamuuzapo mnzake moseka atamufikitsa pakhomo pake, ndipo sabata yomweyo tinamunyamula mnzakeyo. N'chifukwa chake tinaigulitsa."

A Khuliwa anabwerera kunyumba mutu uli wolemera. Choyamba anaganiza zoigulitsa, koma wogula galimoto ya bedi ndi makatani akanamupeza kuti? Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku phiri. Madzulo omwewo anaona Namwale akuthira tiyi pambali pa kapu, patebulo, osadziwa mpaka atawotcha chala. Nthawi yofunafuna galimoto ina panalibe.

Anaganizanso zowauza akazi awo, koma ankawadziwa bwino. Namwale anali mayi woti sangadutse pafupi ndi manda popanda kuyimba nyimbo ya kutchalitchi. Akanamva kuti bedi lawo lakhala pamene pankakhala mabokosi, sakanapondamo phazi, ndipo a Dolika sakanawaonanso. Ndiye a Khuliwa anasankha kusunga nkhaniyo m'mimba. Anakonza nzeru yawo: sadzalowa ndi galimoto m'mudzi. Adzaima pa kamtsinje ka Kanyerere, kamene Namwale ankanena kuti kali kufupi ndi kwawo, adzatsika osanena kanthu, adzawatsitsa akazi awo, n'kumaliza ulendo wapansi. Pakamwa pawo mawu aja sadzatuluka. Anaiona kuti ndi nzeru yabwino, ndipo kunena zoona inali yabwino ndithu, kungoti inayang'ana mbali imodzi.

Ananyamuka m'mawa kukuzizira, nthambi yaiwisi ili kutsogolo, chifukwa ulendo uno a Khuliwa sanaizule. Magalimoto ena ankawapatukira, ndipo apolisi a pamsewu ankangowakodola kuti adutse. Nkhono inkakwera zitunda mobuula. Pa Lirangwe a Khuliwa anaima pambali pa msewu n'kukuwa ngati kondakitala kuti pano ndi pa Lirangwe, wa kwawo kuno wafika, atsike. Namwale anaseka mpaka misozi, anati ukalamba wawalowa m'mutu. Kumbuyo chitseko chinalira pang'ono, n'kutsekeka.

"Chitseko chanucho chikutseguka chokha," anatero Namwale.

A Khuliwa anati ndi loko, adzamukonza akafika.

Anachita chimodzimodzi pa Zalewa, pa Phalula, pa Chingeni. Pena sipankachitika kanthu, pena chitseko chinkalira. Pa Kampepuza chinatseguka n'kukhala kanthawi, ndipo pagalasi loonera kumbuyo a Khuliwa anaona msana wa jekete yaikulu ukulowa m'kanjira ka m'chimanga chouma. Anagona pabwalo la tchalitchi ku Ntcheu, anagonanso kupitirira Lilongwe. Namwale ankatsamira pazenera n'kumayendetsa kakuwala kawo pa mapiri a Dedza, pa milu ya kabichi ndi tomato ya pa Lizulu, pa ng'ombe zokoka ngolo. Ankafunsa mtundu wa chilichonse. Pa Madisi a Khuliwa anaima nthawi yaitali kuposa pena paliponse, chifukwa munthu wa mwana kumsana satsika mothamanga.

Podzawoloka Bua galimoto inali itapepuka. Kumbuyo kunadzuka, injini inasiya kubuula, fungo la matabwa lija linatha. A Khuliwa anamva mtima wawo ukumasuka, mpaka anayamba kuyimba. Anali atawatula onse, ndipo amene anatsala anali wamoyo, wakhala pambali pawo akusenda nthochi.

Kupitirira boma la Kasungu anasiya msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi. Apa a Khuliwa anatseka pakamwa. Namwale ankafunsa kuti tili pati, iwo n'kumangoti tikuyenda. Dzuwa litapendeka anafika pa kamtsinje kaja ka Kanyerere, kouma, ka miyala yoyera, midzi ikuoneka kutsidya. Anaima pansi pa mtengo n'kuzimitsa injini.

Koma munthu sauzidwa kwawo. Namwale anatsitsa galasi n'kukoka mpweya. Anamva fungo la fumbi la kumeneko, anamva mtondo ukulira kutsidya ndi mayi wina akuitana mwana m'kayankhulidwe kamene anakasiya ali mtsikana. Anafufuza mkono wa amuna awo n'kuugwira ndi manja awiri. A Khuliwa anati adikire kaye atsike, akayankhulire panja, koma Namwale sanawasiye.

"Ayi, ndinene ndili pompano," anatero. "Ndinkakudandaulani mumtima zaka zonsezi, lero ndakhululuka. Munandimangira nyumba yoyenda ndi manja anu. Mkamwini wozengereza inu, kuno si kwathu kokha ayi. Mwafika kwanu, bambo, tsikani."

A Khuliwa anali asanagwire chitseko. Chinatseguka chokha, pang'onopang'ono, mwaulemu, monga amatsegulira munthu wamkulu. Sanamve kupweteka paliponse. Anangomva thupi likupepuka ngati atula thumba limene analisenza kuchokera ku Luchenza. Chisoni chinawagwira kwambiri, koma sanawaimbe mlandu akazi awo, popeza amene anabisa nkhani anali iwo. Anayang'ana dzuwa, anaona kuti likadalipo lokwanira kuonera nkhope ya munthu.

"Tiyeni, Namwale," anatero, "kusanade."

Zotsalazi amene anazinena ndi Namwale mwini wake. Anati amuna awo anazungulira, anawatsegulira chitseko, anawagwira dzanja. Dzanjalo linali lozizira, ndipo iwo anaganiza kuti ndi mphepo ya pazenera. Anawawolotsa pamiyala, akuwauza poponda, apa pali muzu, apa pali dzenje, kwezani phazi. Anakwera kamtunda, anadutsa nkhokwe, mpaka pakhonde pamene panakhala mayi wokalamba akusankha nyemba. Namwale anaimika kakuwala kawo pa nkhope imeneyo. Anaona makwinya, anaona mpata wa mano uja, anaona chipsera cha pachibwano chimene Namwale mwini wake anawapweteka ndi khasu ali ana. Anali a Dolika. Awiriwo anagwirana n'kulira mpaka anthu anasonkhana.

Misozi itaphwa, a Dolika anafunsa kuti nanga wabwera bwanji wekha, maso ali chonchi. Namwale anatembenuka kuti awakalipire amuna awo chifukwa chongoima osapereka moni kwa alamu awo. Amayi amene anali pamtondo anayang'anana. Anati iwo anamuona mlendoyo akukwera kuchokera kumtsinje yekhayekha, dzanja limodzi lili m'mwamba ngati wagwira munthu, akuyankha mawu amene iwo sankawamva.

Amuna a m'mudzimo atatsikira ku Kanyerere anapeza galimoto yobiriwira pansi pa mtengo, chitseko cha dalaivala chili pululu. A Khuliwa anali pampando wawo, mutu utatsamira chiwongolero, atazizira kale.

Maso a Namwale anatseka ndi mvula yoyamba, monga ananenera achipatala. Anakhala kwa a Dolika zaka zingapo, ndipo sankadandaula za mdimawo, ankati chimene anadzera anachiona. Koma akafika pa nkhani ya kanjira kochokera kumtsinje ankatsitsa mawu. Ankati njira yonse ija kakuwala kawo anakalozetsa kutsogolo, kufunafuna khonde la mkulu wawo, ndipo sanatembenuke n'kamodzi komwe kuti aone nkhope ya munthu amene anawagwira dzanja.